Chaka Chimene Ambuya Anu Aamuna Analeka Kulota

Malaiti apita, eti? Apite ndithu, mwina lero ndiona nkhope zanu. Masiku onse ndimangoona pamwamba pa mitu yanu mutaweramira timafoni ngati nkhuku pa madeya. Tamara, sendera kuno ndi lichero lija, nsawa izi sizidzisenda zokha. Iwe Dalitso, usathawe, ndakuona ukuyang'ana ku geti. Basi yako lero ili kwa makanika, ndamva kale, palibe wokwera amene akudikira kondakita wake. Khala apa pafupi ndi ine kuti ndisamakuwe.

M'mawa uja ndinakufunsa funso la pakhomo pano, lija ndimakufunsani nonse, lakuti wayenda kuti usiku. Unandiyankha bwanji? Wachita manyazi, ndinena ndine. Anati, "Ambuya, ine sinimalota. Nikagona nagona chabe. Vamaloto ni va bakazi na bana." Ananena atafinya maso, akupempha madzi ozizira, mpweya wake woti ntchentche itadutsa pafupi ikhoza kugwa. Musaseke inu. Ine ndinafulula mowa m'komboni ino ya George makolo anu asanamere mano, ndiye fungo la matsire ndimalidziwa ngakhale munthu atatafuna chingamu thumba lonse. Sindikukukalipira, mwana wa mwana wanga. Mawu akowo andilasa chifukwa ndinawamvapo kale pakhomo pomwe pano, kuchokera kwa munthu amene iwe unatengera makutu ndi kayendedwe komwe.

Ndikunena malemu ambuya anu aamuna, aMbewe. Funso lija ndi lawo, ine ndinangolisunga. Tinachoka nalo ku Katete titangokwatirana, pamwamba pa lole ya matumba a chimanga, ine nditakumbatira mtondo wa amayi anga ngati mwana, poopa kuti ku Lusaka kulibe mitondo. Tinafika titayera mbuu ndi fumbi. George ya nthawi imeneyo si iyi ya mipanda ya mabuloko. Nyumba zinali za zidina zosaotcha, malata ake otsindiridwa ndi miyala ndi matayala, ndipo mphepo ikawomba munthu unkapemphera kuti denga lako lisakagone kwa mnzako. Madzi tinkatunga pachitsime, chingwe ndi chitini cha mafuta. Inu lero mumadandaula kuti mzere wa ku kiyosiki yogulitsa madzi ndi wautali, pamene zigubu mumakankha pa wilibala.

AMbewe anali osoka nsapato. Malo awo anali pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, pamene pano pali kantemba ka mafoni kaja. Zida zawo zinkakwana m'kabokosi kamodzi: singano yaikulu ya ngowe, ulusi wopaka phula, kampeni konola mpaka kutha, ndi phazi lachitsulo lovekapo nsapato pokhomera. Tayala lakale iwo ankaliyang'ana ngati mmene mlimi amayang'anira munda. Nsapato za masiku ano zikang'ambika mumataya, mukagula zina pa salaula, pa mulu wa zovalidwa kale. Kale nsapato inkasokedwa mpaka mwini wake kuiwala mtundu umene inabwera nawo.

Munthu ameneyu anali wolota. Mayo ine, kulota! M'mawa ndikamakoleza mbaula, iwo ankatuluka atafunda bulangete, osanena n'komwe kuti mwauka bwanji, koma, "Amake mwana, mwayenda kuti usiku?" Usanayankhe ayamba kale zawo. Tsiku lina analota ng'ombe itabwera pansi pa mango paja kudzasoketsa nsapato, miyendo inayi yonse, n'kumadandaula kuti ya kumbuyo ikuthina. Anali ndi lamulo limene anatenga kwa amayi awo: ukauka usakande m'mutu, usayambe za ntchito, yamba wanena loto, pakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Mwa ana athu onse, amene anagwirizana nawo pa zimenezi anali Enelesi, amayi ako iwe Dalitso. Atate ako iwe Tamara, Yohane, ankangoti "sininalote" n'kulunjika pa vitumbuwa, ndipo mpaka lero sanasinthe. Koma Enelesi ankakhala pa chitini chija chili apocho, tiyi ali m'manja, iye ndi atate ake kupikisana kuti wayenda patali ndani. Mwina ankawonjezera bodza onse awiri, ine sindinawagwire. Ngakhale atakula n'kukhala ndi pathupi pa iwe, bambo wako atazimiririka ngati utsi, mpando wake unali womwewo.

Tsono mudziwe kuti ngakhale ankagona m'nyumba ya wofulula, aMbewe sanali akumwa. Ntchito yawo inali kulawa. Ine ndinkaviika chimanga, chimere, ndiyanike padenga, ndigayitse chimera, ndiphike phala m'dramu, ndidikire lisase, ndiphikenso, ndisuze. Mowa wa masese unali ndi ulemu wake, unkafuna masiku ndi msana. Si timabotolo tanu iti tobisa m'thumba la buluku, toti kumwa kwake munthu amakwinya nkhope ngati akumwa mankhwala a malungo. Tsiku losuza ndinkawapatsa kachikho kamodzi, iwo n'kulawa, n'kunena kuti wapsa kapena ayi, basi n'kunyamula kabokosi kawo. Pakhomo pano pankadzaza anthu Loweruka, koma mwini nyumba ankakhala pambali akusoka, akuseka nkhani za oledzera.

Kenaka kunabwera dzinja lija la mvula yoopsa. Inu mukudziwa mmene madzi amachitira muno, pansi pali mwala, alibe kolowera. Zimbudzi zinasefukira, njira zinasanduka mitsinje, madzi analowa m'nyumba mpaka m'mawondo. Pambuyo pa madzi panabwera kolera. Iwe Dalitso unali wa m'manja, khosi lisanalimbe bwino.

Masiku omwewo Enelesi anabweretsa nsapato yake kwa atate ake. Inali yachikopa chofiirira, ya malamba, imene ankaikonda kwambiri, ndipo lamba wina anaduka m'matope. Anati, "Atate, nisokeleniko, nilibe yovala." Iwo anali ndi mulu wa nsapato za anthu, pakuti mvula ndiyo nyengo ya osoka. Anayankha osadzutsa mutu, "Mawa, mwanawe, ndiyambe za eni ake." Enelesi anaseka n'kunena kuti mwana wa osoka ndiye amayenda chapansi m'komboni yonse. Anaponya nsapato zonse ziwiri m'kabokosi muja n'kupita kukatunga madzi wopanda nsapato.

Mawa lakelo linakhala mawa lina. Lisanafike, Enelesi anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Tinamunyamula pa wilibala mpaka kumene ankalandirira odwala, ndipo sanabwereko.

Dikirani pang'ono. Tamara, ndipatse madzi.

Maliro a kolera si maliro, ana inu. Sindikuimba mlandu munthu, anthu a chipatala ankateteza ife otsala. Koma mwana wathu sitinamusambitse, sitinamuveke, nkhope yake sitinaione. Anamukulunga iwo okha, ife titaima patali, ndipo mwambo wonse unatha dzuwa lisanapendeke. Chithunzi chake chimodzi chimene tinali nacho chinali m'sutukesi pansi pa bedi, ndipo madzi aja anachidya, kunangotsala mapewa ndi diresi. Mpaka lero ndikaona mitambo yakuda mtima wanga umachita thu.

AMbewe sanalire pamaso pa anthu. Chimene chinachoka mwa iwo ndi tulo. Kunkacha m'maso mwawo muli gwa, ofiira, n'kupita kuntchito akudzandira. Anzawo a pamsika, pofuna kuthandiza, anawauza kuti, "Ba Mbewe, moba uli pa nyumba panu pamene. Mwaniko pang'ono, muzagona." Ndipo sananame. Chikho chimodzi chinasanduka ziwiri, tulo tinabwera, mkonono mpaka malata kunjenjemera. Ine ndinathokoza Mulungu, ndinati munthu wapumula.

Koma taonani chimene chinachitika m'mawa. Enelesi anayamba kutiyendera ife ena. Ine ndinamulota akuchapa matewera ako iwe Dalitso. Yohane, yemwe uja wosalota, anamulota akumulanda chitumbuwa. Ngakhale mayi wa nyumba yoyandikana nayo anabwera kudzanena kuti wamuona pachitsime. AMbewe ankamvetsera ngati munthu wanjala akuonerera anzake akudya. "Anavala chiyani? Ananenepa kapena anaonda? Za ine sanafunse?" Ndikawabwezera funso kuti nanga inu, ankayang'ana pansi.

"Ine mdima wokhawokha. Ndikagona ndagona basi."

Wamva, Dalitso? Mawu ako omwe aja.

Anayesa zonse. Ankauka manja atawapanikiza m'khwapa kuti asakande m'mutu. Anasintha kolozetsa mutu pogona. Nthawi zina ankati kunali kanthu ndithu cha m'bandakucha, ngati mawu a munthu kuseri kwa khoma, koma chikhodzodzo chinawadzutsa, pakhosi pali gwa ndi ludzu, ndipo pobwera kuchimbudzi zonse zinali zitapita. Tsiku lina m'nyengo yozizira, tikuotha mbaula pakhonde pano, anatulutsa nsapato zija m'kabokosi n'kuziika pamiyendo.

"Amake Enelesi, mwana uja wandikwiyira. Anaponda madzi oipa aja chifukwa cha ine. Nonse akukuyenderani, ine akundilambalala. Ndipo nkhope yake ikundithawa. Ndikatseka maso ndikuona diresi, nkhope palibe."

Ndinawauza kuti matendawo amalowera pakamwa, osati kumapazi, ndipo anatenga ngakhale ovala majombo. Sanamve. Kuyambira tsiku limenelo funso la m'mawa linafa pakhomo pano. Tinkamwa tiyi ngati anthu okumana pa siteshoni.

Mbiri inafika kumudzi, ndipo alongo awo aakulu, aNaMbewe, anakwera basi kubwera. Mayi wabwino, koma woti akanena wanena. Atamva zonse anagamula kuti mzimu wa mwana uli ndi ludzu, pakuti unapita wopanda mwambo. Anati ndifulule mowa wa mwana, tithire pansi pomutchula dzina, ndipo chipanda choyamba amwe atate ake. Ndinafulula ndi mtima wonse, sindinafululepo wokoma ngati umenewo. Tinathira kuseri kwa nyumba uko, pamene pali mpapaya, tinamuitana, tinalira maliro amene tinamanidwa aja. Kunena zoona ine mwambowo unandipepuza mtima, ndipo sindiunyoza. Koma mlamu wanga potsazikana anasiya mawu amene anatipweteka osadziwa. Anati, "Achimwene, akufa ali kutali. Wogona pang'ono safikako."

AMbewe anawagwira mawuwo ndi manja awiri. Anaganiza kuti tulo ndi njira, ndipo amene wagona tulo tofa nato ndiye amayenda mtunda wautali mpaka kufika kumene kuli mwana wake. Nanga chogonetsa kwambiri n'chiyani? Usiku wa mwambowo anamwa mpaka kuwanyamula. Kutacha, mdima. Iwo anati ndiye kuti sindinafike, ndiwonjezere. Wanga wa masese anati ndi wofooka, anayamba kupita kuseri kwa msika kumene ankatcheza kachasu. Sankamwa mosangalala, sankaimba kapena kuvina ngati anzawo. Ankamwa mwakachetechete, ngati munthu amene akulipira ulendo.

Pofika nyengo yotentha munthu anali atatha. Buluku ankamanga ndi chingwe. Singano inkawabaya zala, nsapato za eni zinaunjikana, anthu anayamba kupita kwa wosoka wina. Iwe Dalitso unkakwawa kupita pamiyendo pawo, iwo n'kukusuntha pang'onopang'ono osakuyang'ana, chifukwa maso ako ndi a amayi ako. Ndipo m'mawa wina ananena mawu amene anandiumitsa thupi. Anati, "Ngati iye sabwera, ndidzamutsatira ndine." Ananena mofatsa, ngati akunena zopita ku Matero pafupi apa. Ndinadziwa kuti ndikapanda kuchitapo kanthu, mvula ikubwerayo ndiika munthu wachiwiri.

Thandizo linachokera kumene sindinkayembekezera. Panali kasitomala wanga wakale, Ba Mulenga, Mubemba wina wolondera kumayadi kwa anthu olemera, chidakwa chotheratu, woti ndikamasuza iye wafika kale ndi chitini chake. Anasowa kwa nthawi, ndinayesa wafa. Tsiku lina ndinangoona watulukira, wonenepako, akufuna munkoyo wosaledzeretsa. Anati a ku kiliniki anamupeza ndi chifuwa chachikulu, anamuika pa mankhwala, n'kumuletsa mowa. Ndinamufunsa kuti moyo wouma ukukoma bwanji.

"Awe mwandi, amake Enelesi, vonse vili bwino, koma viloto! Masiku yoyamba nenze kuyopa na kugona, vinthu venze kunipilikisa usiku onse. Manje vakhala bwino. Mailo nalota bamayo bamene banafa kudala, benze kunigela tsitsi pa mwala, na kunimenya kambama ati nkhala bwino iwe. Zaka zonse izi sininabalotepo olo kamodzi. Nauka nilila monga kamwana."

Ndinaima ndi chikho m'manja. Wamisala anaona nkhondo, ana inu. Ndinayamba kuwerenga m'mutu anthu onse amene anamwapo pakhomo pano. M'mawa ankabwera kudzatsirula matsire, wina ndi mutu, wina ndi bala losadziwa kumene walitenga, wina kufunsa ngati anasiya chipewa. Koma wobwera ndi loto lathunthu, loyamba ndi kutha, sindinamukumbuke ndi mmodzi yemwe. Zaka zonsezo chinthucho chinali pamphuno panga. Mowa umamugwetsa munthu msanga, inde, koma umamuponya m'dzenje mopanda zithunzi. Ukamatha mphamvu cha kum'mawa, tulo timakhala toduladula, thukuta, ludzu, chimbudzi, ndipo kaloto kakabwera kamakhala kong'ambika, mutu wa matsire sungakagwire.

Madzulo ake ndinawauza aMbewe. Anapukusa mutu. "Mowa ndiwo umandigoneka. Ndikausiya ndidzagona bwanji? Wosagona alota chiyani?" Tinakangana. Ine pakamwa panga mumapadziwa. Ndinawauza kuti, "Mwana akubwera pakhomo n'kupeza atate ake ali thapsa ngati thumba la malasha, alankhule ndi ndani? Inu mukuti mukupita kwa iye, chikhalirecho mukumutsekera chitseko." Iwo anati, "Nanga inu, dramu lanulo? Ndisiye bwanji fungo lili m'nyumba?"

Pamenepo anandigwira pakhosi. Dramu limenelo ndilo linkatidyetsa, makamaka iwo atafooka. Ndinali ndi mowa woti ndisuze mawa lake. Mtima unandiwira, ndinaitana Yohane, tinaligubuduza mpaka kungalande, ndinalipendeketsa ndekha. Komboni yonse inabwera kudzaonerera, amuna ena atagwira kumutu ngati pamaliro. Abakha a mayi woyandikana naye uja anadya masese mpaka kuyenda chammbali, wina anagona chagada miyendo m'mwamba, ndipo mwini wake sanandilankhule mpaka Khirisimasi. Kuchokera tsiku limenelo ndine wa munkoyo ndi vitumbuwa, monga mwandipezera.

Pano mvetsani bwino, pakuti si zoseka. Munthu amene wamira kwambiri sasiya ngati kudula chingwe. AMbewe manja anayamba kunjenjemera, mtima kuthamanga, ndipo ndinawakokera ku kiliniki. Anesi anawapatsa timapiritsi, n'kutiuza mmene tingachitire ndi zizindikiro zoti tikaziona tithamangire komweko. Anati ena amakomoka nazo. Choncho mukadzaona mnzanu wotero, musamutsekere m'nyumba n'kumati limba mtima.

Masiku oyamba tulo tinakana. Kenaka tinabwera, ndipo maloto anabwera nato, koma mayo, maloto ake! M'mawa uliwonse ankatuluka bulangete litanyowa ndi thukuta. Analota madzi akuda akukwera mpaka pakhosi. Analota agalu akuwathamangitsa m'tinjira topanda potulukira. Analota akusoka nsapato imene inkang'ambika kutsogolo iwo akusoka kumbuyo. Tsiku lina anaponya kapu pansi.

"Izi ndizo munandiitanira? Bola mdima uja! Ndikupita kuseri kwa msika."

Ndinaima pa geti. Ndinati, "Atate ake Enelesi, mpopi ukakhala nthawi yaitali wouma, tsiku lobwera madzi amayamba ndi otani?" Anati amatope, a dzimbiri. "Nanga timatseka?" Anati ayi, timausiya utaye mpaka ayere. Anandiyang'ana n'kubwerera kukakhala pansi. Ndinawagwira dzanja mpaka tiyi anazizira. Ndinkawakonda bambo amene aja, ana inu, ngakhale masiku amenewo sitinkanena zotero pakamwa.

Ndipo madzi anayeradi. Zoopsa zinayamba kuchepa. Analota ali kumudzi akusaka mbewa. Analota basi yopanda dalaivala. Tsiku lina anatuluka akumwetulira pang'ono n'kunena kuti ng'ombe ija yabweranso, akuti nsapato zatha msanga. Tinaseka koyamba chichokereni maliro. Anabwerera pansi pa mango, thupi linayamba kubwerera. Koma Enelesi sanaoneke. Ndinkaona mmene ankathera kunena loto, n'kuyang'ana chitini chija. Mumtima ndinkaopa kuti mwina ndawalonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwanga. Ndinkangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ndekha ndinkapemphera kuti mwanawe, usandichititse manyazi.

Mvula yoyamba inagwa, ija yonunkhiritsa fumbi. Iwe Dalitso unali utayamba kuyenda, dendeng'u dendeng'u, kugwira makoma, ndipo matope ndiwo anali anzako. M'mawa mwake ndili pambaula, ndinamva chitseko. AMbewe anatuluka pang'onopang'ono, manja atawatambasula kutali ndi mutu, ngati munthu wosenza beseni lodzaza. Misozi inali mbwembwembwe. Ananong'ona kuti, "Amake Enelesi, ndifunseni. Fulumirani, ndifunseni."

Ndinawafunsa. "Mwayenda kuti usiku?"

"Sindinapite kulikonse. Wabwera ndi iye. Anakhala pa chitini apo. Ndamuona nkhope, amake mwana, yonse! Mpata uja wa m'mano, ndi kachipsera ka pachibwano kamene anagwa pachitsime ali mwana. Kachipsera kaja ndinali nditakaiwala!"

Anati anamufunsa kuti mwanawe, unali kuti nthawi yonseyi? Iye anayankha kuti, "Nenze pamene pano, atate. Imwe ndimwe munalibepo." Ndiye iwo anathamangira kabokosi, kutulutsa nsapato zija, kuyamba kupepesa, kufunafuna singano. Enelesi anaseka, kuseka kwake kuja kogwetsa mutu chambuyo. "Atate, imwe na nsapato! Zanga zisiyeni, kwamene nili kulibe matope. Onani mwana ayenda pansi."

Atatha kunena anayang'ana pabwalo. Iwe unali uko, uli chiimire m'chithaphwi, wopanda kabudula, matope mpaka m'mawondo, ukuwaseka. Anapita, anakunyamula ndi matope ako omwewo, kwa nthawi yoyamba chimwalirire amayi ako. Anakukhazika pamiyendo n'kuyeza phazi lako ndi chala. Tiyi sanamwe tsiku limenelo.

Tamara, ndikuona ukufuna kunena za abusa anu, kuti akufa sabwera, ndi ziwanda. A kusukulu nawonso amati maloto ndi mutu wa munthu ukudzilankhula wokha. Ine sindikangana ndi aliyense. Kaya anachokera kumwamba, kaya anachokera mumtima mwa atate ake momwe, chimene ndikudziwa n'chakuti mowa unali utamutsekereza, ndipo atauchotsa anadutsa. Ambuya anu anakhala zaka zambiri pambuyo pake, mpaka kukuperekeza iwe Dalitso kusukulu, ndipo sanalawenso ngakhale paukwati. Enelesi ankawayendera mwa apo ndi apo, osati kawirikawiri. Ankati kamodzi pachaka n'kokwanira munthu kukhala ndi moyo.

Tsono pita kuchipinda kwanga, Tamara. Pamwamba pa wadiropu pali kabokosi kathabwa. Usagwetse. Bwera nako kuno.

Tsegula ndiwe, Dalitso. Singano iyo isiye, ikubaya. Chotsa kansaluko. Eya, tinsapato timeneto. Pansi pake ndi tayala, koma pamwamba taona chikopacho, chofiirira, chofewa. Tsiku lomwe lija ambuya ako anatenga nsapato za amayi ako, anazidula, n'kusoka izi. Unayenda nazo mvula yonse ija, ndipo phazi lako silinaponde madzi oipa. Unkakana kuzivula ngakhale pogona.

Inu ena, yang'anani ku nsawa zanu. Mwamuna wamkulu walowedwa kachitsotso m'maso, si zachilendo.

Mwana wa mwana wanga, ndikudziwa kuti ntchito ya pabasi ndi yowawa. Kuuka kusanache, kukuwa tsiku lonse, kutukwanidwa ndi anthu, ndipo madzulo anzako amati kabotolo kamodzi kuti thupi ligone. Ndikudziwanso chimene unauza Tamara chaka chatha, kuti anzako onse ali ndi nkhope ya amayi awo, iwe ulibe ngakhale chithunzi. Usamuyang'ane choncho, anachita bwino kundiuza. Sindingakulonjeze kuti adzabwera, pakuti sindine ndimamutuma. Koma pakhomo pano amapadziwa, ndipo mwana amene anamudera nkhawa mapazi sangamuiwale.

Tinsapatoto tenga, ndi tako. Mawa m'mawa ndidzakufunsa funso lomwe lija, ndipo ukadzati palibe, ndidzafunsanso mkuja, ine sinditopa. Zikayamba ndi zoopsa usathawe, ndi matope a mumpopi. Koma tsiku limene udzaone mkazi wa mpata m'mano, wa kachipsera pachibwano, woseka mogwetsa mutu chambuyo, usakande m'mutu, usafunefune foni. Ubwere msanga udzandiuze, ngakhale nditagona undidzutse, pakuti inenso ndamusowa mwana wanga.